Za Ana Owerengera Pamodzi

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za chinthu chimene ambiri a inu muchiyesa cha aphunzitsi okha, ndicho masamu a ana aang'ono, a Sitandade 1 kufikira Sitandade 4. Ife ndife akatekisiti chabe, ndipo ntchito yathu ndiyo kuyendera midzi ndi matchalitchi a kunthambi. Koma munthu woyenda m'midzi aona zambiri, ndipo zina mwa izo zimkhala pamtima kufikira atazinena. Tsono mawu athu ndi awa: mwana amva masamu bwino pamene akhala pansi ndi anzake awiri kapena atatu pa funso limodzi, nalankhula, natsutsana, nagwirizana pa yankho, ndipo ntchito imeneyi itheka pakhomo panu pomwe, madzulo mutadya nsima, popanda kugula kanthu.

Poyamba tinene chifukwa chake nkhaniyi ili yaikulu. Inu nonse mudziwa nyengo yokolola, pamene masikelo apachikidwa m'mitengo m'mbali mwa misewu, ndipo anthu atsika m'mapiri ndi soya, mtedza, nyemba ndi chimanga, ena pamutu, ena panjinga, ena pangolo. Ife tinaimapo tsiku lina pambali pa mayi wina amene anabwera ndi matumba atatu a soya. Loyamba linalemera makilogalamu 47, lachiwiri 52, lachitatu 49. Wogulayo anadinadina pafoni yake mofulumira, nati, “Zonse pamodzi 140, mayi.” Mayiyo anaima chilili, nkhope yake ikuonetsa kuti mtima wakana, koma pakamwa panalibe mawu, pakuti sanadzikhulupirire kuti angathe kuphatikiza manambala atatuwo pamaso pa anthu. Akadapanda mnyamata wina wa pasukulu amene anali pomwepo, nanena mokweza kuti 148, makilogalamu 8 akadapita chomwecho, thukuta la masabata angapo m'munda. Taonani, abale, mayiyo sanali wopanda nzeru. Chimene chinamsowa ndicho kulimba mtima kwa kunena poyera kuti, “Iyayi, tiwerengenso.” Kulimba mtima kumeneko kuphunziridwa paubwana, ndipo mwana wokhala chete yekhayekha pa kope lake sakupeza.

Tsopano tione mmene ana athu akhalira kusukulu. M'chaka cha 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo m'chaka chimodzi chokha ana olembedwa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino ndithu, pakuti ana a amphawi analowa pakhomo limene kale linali lotseka. Koma zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke mofulumira chotero. Boma lifuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma ife m'maulendo athu talowa m'makalasi a Sitandade 1 ndi 2 mmene ana apitirira 100, okhala pansi mothithikana, ena kunja patsinde pa mtengo, mphepo ya mwezi wa June ikuwomba kuchokera kumapiri. Mphunzitsi wotere, ngakhale akhale wachangu chotani, sangathe kumva mwana aliyense akufotokoza mmene waganizira. Akati apatse mwana aliyense mphindi imodzi yokha, phunziro latha asanafike ndi pakati pomwe. Chifukwa chake ambiri aphunzitsa mwa kuimbitsa: iye anena, ana onse abwereza pamodzi ndi mawu amodzi. Phokoso likoma kulimva uli panja, koma m'kati mwa phokosolo mubisala ana ambiri ongotsegula pakamwa, osadziwa chimene anena. Otere abwereza kalasi kawiri, katatu, kenaka atopa, naleka.

Ifenso tinakulira m'maphunziro a mtundu umenewo. Tinaimba matebulo m'mawa uliwonse, ndipo panali mphunzitsi wina amene ankayenda ndi kamtengo m'manja, wophonya yankho nalandira chake. Matebulo tinawasunga, ndipo sitiwanyoza, pakuti atithandiza kufikira lero. Koma mantha anaphunzitsa anzathu ambiri kuti chinthu chopulumutsa ndicho kukhala chete. Titafika ku seminare yaing'ono tinaona zina. Nthawi yowerenga madzulo ankatilola kupita atatuatatu kubolodi ndi funso limodzi lovuta, ndipo kumeneko tinazindikira chinthu chimene sitinaiwale: kuti munthu adziwa ngati wamvetsa pamene mnzake amfunsa kuti, “Wadziwa bwanji?” Ukayamba kufotokoza, pamene pali dzenje m'maganizo ako paoneka, ndipo mnzako akuthandiza kulikwirira, mawa iwenso ukwirira lake. Ambiri a ife sitinafike pa unsembe, koma phunziro limenelo tinapita nalo kumudzi.

Musaganize kuti kugwirira pamodzi kotere ndi nzeru yochokera kutali. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ananena zimene ankachita: denga la nkhokwe limangidwa pansi, kenaka anthu alizinga, nalinyamula pamodzi. Onaninso amuna pa bawo. Thabwa lili ndi mayenje 32 m'mizere inayi, ndipo wosewera awerengera m'mutu kumene dzanja lake likathere asanagwire ndi nkhomo imodzi yomwe, pamene oonerera atsutsana kumbuyo kwake, wina ati tenga apa, wina ati iyayi, akudya. Onani amayi a banki m'khonde tsiku logawana ndalama, mmene awerengera mokweza onse akumva, ndipo wolakwitsa akonzedwa pomwepo popanda mlandu. Akuluakulu athu amene anagwira ndalama zakale, kwacha isanabwere m'chaka cha 1971, ankasunga m'mutu kuti makobiri 12 apanga sheleni, ndi masheleni 20 apanga paundi, nagula ndi kugulitsa osalemba. Kodi anthu otere tinganene kuti alibe masamu? Masamu ali m'mudzi kale, ndipo ali m'gulu, pakamwa pa anthu. Chotsala ndicho kuitana ana kuti alowemo.

Pali chuma china chimene tili nacho, ndipo ambiri tachitaya osadziwa mtengo wake, ndicho kawerengedwe ka chinenero chathu. Ife tiwerenga ndi dzanja: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, dzanja likatha titi zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, kenaka khumi. Mwana wonena kuti “seveni” watchula dzina lokha, koma wonena kuti “zisanu ndi ziwiri” waphatikiza kale, pakuti dzinalo lanena chimene chili m'kati mwa nambalayo. Tsono yesani ichi ndi ana awiri. Wina atukule zala zisanu ndi ziwiri, mnzake zala zisanu ndi zitatu, ndipo muwafunse kuti zonse pamodzi ndi zingati. Musawauze njira. Posachedwa mmodzi aona kuti dzanja lake lathunthu ndi dzanja lathunthu la mnzake zipanga khumi; zotsala, ziwiri ndi zitatu, zipanga zisanu; zonse khumi ndi zisanu. Apeza 7 kuphatikiza 8 popanda kuwerenga chimodzichimodzi, ndipo apeza chifukwa anali awiri, pakuti mwana mmodzi alibe zala 15. Sitinena kuti ana aleke manambala a Chingerezi, iyayi; pamsika ndi pamayeso afunika, ndipo kutchula 78 m'chinenero chathu ndi ulendo wautali. Koma pa manambala aang'ono, pamene maziko aikidwa, mwana akhale nawo mayina onse awiri.

Tikuuzeni tsono mmene ana agwirira funso akasiyidwa pamodzi. Pa tchalitchi china cha kunthambi, kumapiri a kum'mawa kwa Mponela, ana afika msanga Loweruka tisanayambe katekisimu, ndipo tazolowera kuwapatsa funso limodzi kuti asamangoponyana miyala. Tsiku lina tinawagawa anayianayi, nitinena kuti: “Pabwalo pali nkhuku ndi mbuzi. Mitu yonse ndi 7, miyendo yonse ndi 20. Nkhuku ndi zingati, mbuzi ndi zingati?” M'gulu lina munali anyamata awiri ndi atsikana awiri, a Sitandade 2 ndi 3. Mnyamata wamkulu analumpha msanga, nati mbuzi ndi zisanu, pakuti mbuzi zisanu zili ndi miyendo 20. Mnzake anawerenga, nati, “Miyendo yakwana, koma mitu ndi isanu yokha, iwiri ili kuti?” Wamkuluyo anati tiwonjezepo nkhuku ziwiri, atawerenganso, miyendo inafika 24. Anayamba kukangana, wina ati funso ndi lolakwika, wina ati akatekisiti atinamiza. Mtsikana wina anatola timitengo 20, najambula mitu isanu ndi iwiri pamchenga, kuti aone ndi maso chimene akangana. Pamenepo mtsikana wamng'ono koposa onse, amene anali asanalankhule, anati ndi mawu apansi, “Chilichonse chili ndi miyendo iwiri poyamba. Tizipatse iwiriiwiri.” Anagawa timitengo, mutu uliwonse tiwiri, tinatha 14, tinatsala 6. Mnyamata wachiwiri anafuula, “Totsalati ndi ta mbuzi!” Anawonjeza tiwiritiwiri pa mitu itatu, timitengo tinatha. Mbuzi 3, nkhuku 4. Wamkulu uja, amene anayamba ndi kuphonya, ndiye anawerenganso zonse kuti atsimikize: 12 ndi 8, zikwana 20.

Onani bwino chimene chinachitika pamenepo. Palibe mwana mmodzi mwa anayiwo amene akadafika yekha pa nthawi imeneyo. Woyamba anabweretsa yankho lolakwa, koma yankho lolakwalo ndilo linatsegula nkhani. Wachiwiri anagwira cholakwa. Wachitatu anatsitsa funso kuchoka m'mutu kufika pamchenga. Wachinayi anaona njira. Ndipo aliyense anapita kwawo atanyamula njira yonse, osati kachigawo kake kokha. Loweruka lotsatira tinasintha manambala, mitu 9 ndi miyendo 26, ndipo onse anayi, titawakhazika payekhapayekha, anapeza mbuzi 4 ndi nkhuku 5.

Koma tichenjeze, pakuti si gulu lililonse la ana limene liphunzira. Taonanso magulu amene mwana mmodzi wochenjera agwira pensulo, nalemba zonse, anzake nakopera, ndipo mphunzitsi poona makope onse ali ndi yankho loona akondwa pachabe. Kumeneko ndi kubisala kumbuyo kwa mnzako, ndipo kuipa kwake kuposa kukhala wekha, pakuti kuphunzitsa wina ulesi, ndi wina kudzikuza. Kuti gulu likhale lopindulitsa pafunika zinthu zingapo. Likhale laling'ono, ana awiri, atatu kapena anayi, pakuti pa ana khumi ambiri angoonerera. Funso likhale loti palibe amene adziwa yankho lake pomwepo. Funso lopepuka lithera m'kamwa mwa wofulumira. Pakhale zinthu zogwira ndi manja, njere za chimanga, nyemba, timiyala, zitsekerero za mabotolo, zimene aphunzitsi masiku ano alimbikitsidwa kugwiritsa ntchito pansi pa dzina lakuti TALULAR, ndiko kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Ndipo lamulo lalikulu ndi ili: gulu silinathe ntchito kufikira mwana aliyense m'gulumo atha kufotokoza yekha, ndipo wofotokoza asankhidwe ndi wamkulu, asadzisankhe. Ana akadziwa kuti aliyense angathe kuitanidwa, wochenjera uja ayamba kusamala kuti mnzake amve.

Mphunzitsi wina wamkulu wa masamu, George Pólya, wobadwira ku Hungary amene pambuyo pake anaphunzitsa ku America, analemba buku m'chaka cha 1945 lotchedwa How to Solve It, mmene anaonetsa kuti wothetsa funso ayenda masitepe anayi: amvetse chimene afunsidwa, apangane njira, ayende m'njirayo, kenaka acheuke kuona ngati wafika poyenera. Ife taona kuti mwana ali yekha athamangira sitepe lachitatu, nasiya atatu enawo. Agwira manambala amene wamva, nawaphatikiza kapena kuwachotsera mwachisawawa. Koma ana akakhala angapo, masitepe osiyidwawo abwera okha, pakuti wina afunsa kuti “Akufuna chiyani kodi?”, wina ati “Tiyambe ndi kujambula,” ndipo potsiriza sipalephera wokayika amene ati “Tiwerengenso.” Ku Japan, dziko lodziwika pa kaphunzitsidwe ka masamu, kawirikawiri mphunzitsi wa ana aang'ono apereka funso limodzi lokha pa phunziro lonse, ana aliyesa, kenaka njira zawo zosiyanasiyana zilembedwa pabolodi, ndipo kalasi yonse izifanizira, kuona imene ili yachidule ndi imene yasochera ndi posochera pake. Kwa ife a kuno phunziro lake ndi lakuti funso limodzi lotafunidwa bwino liposa mafunso 20 omezedwa.

Kuno kwathunso zinthu zasuntha. M'zaka zotsatira 2020 Unduna wa Zamaphunziro, ndi chithandizo cha boma la Britain, unakonzanso masamu a Sitandade 1 kufikira 4 m'ndondomeko yotchedwa National Numeracy Programme, imene inabweretsa mabuku olembamo ana ndi kulimbikitsa kuti mwana aziganiza ndi kufotokoza njira yake. Makolo ena atidandaulira kuti masamu a masiku ano sawamva, kuti mwana aphwanya manambala m'zigawo, kapena alumphalumpha pa mzere wa manambala, m'malo moika nambala pansi pa inzake monga tinkachitira kale. Abale, musakwiye nazo, ndipo musauze mwana kuti aphunzitsi ake asochera. Muuzeni akuonetseni njira yake, inunso mumuonetse yanu, ndipo muone pamodzi ngati zifika pamodzi. Pamenepo mwachita kale chimene tikunena. Palinso matabuleti, amene anayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe m'chaka cha 2013, ndipo kuyambira 2023 boma linayamba kuwafalitsa m'sukulu zambiri pansi pa ndondomeko ya BEFIT. Ndi chida chabwino, choleza mtima, chosakalipira mwana akaphonya. Koma mwana akhala nacho yekha, zomvera zili m'makutu. Sichimtsutsa monga amtsutsira mlongo wake, ndipo sichimphunzitsa kuima pamaso pa munthu ndi kunena kuti tiwerengenso. Mbali imeneyo yatsalira ife a pakhomo.

Tsono muchite chotani? Sankhani madzulo awiri kapena atatu pa sabata, nthawi yaifupi, yosaposa imene mphika wa madzi utenga kuti uwire. Itanani ana anu ndi a pakhomo loyandikana, pakuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Tengani funso m'moyo wanu wa tsiku ndi tsiku. Kwa aang'ono kwambiri: mango 12 agawidwe kwa ana atatu mofanana, nanga akabwera wachinayi, tichita bwanji? Nanga wachisanu? Pamenepo akumana ndi zotsala, ndipo mudzamva milandu yokoma ya mmene mango awiri otsalawo angadulidwire. Kwa okulirapo: mayi apita kuchigayo ndi K2,000, alipira K1,300, abwezeredwa zingati, ndipo chenjiyo ingabwere m'ndalama zamapepala ziti? Mayankho a funso lachiwirili ndi ambiri, ndipo ana apikisana kupeza ena. Kapena pitani nawo kumunda nthawi yobzala. Alangizi atiphunzitsa kabzalidwe ka Sasakawa, mbewu imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25, mizere yotalikirana masentimita 75. Dulani kamtengo ka masentimita 25, muwapatse chingwe cha mita imodzi, ndipo muwafunse kuti pa chingwecho pakhala mapando angati, kubzala kuyambira kunsonga kufikira kunsonga. Ambiri ati anayi, pakuti 25 alowa kanayi mu 100. Asiyeni aike njere pansi, ndipo adzapeza zisanu. Musawamasulire msanga, alekeni akangane kufikira mmodzi aona kuti mipata ndi inayi koma mapando ndi asanu, chifukwa pali phando loyambira.

Pa zonsezi ntchito ya kholo ndi yovuta pa chinthu chimodzi chokha, ndicho kugwira lilime. Mtima wa kholo ufuna kupulumutsa mwana msanga, kumuuza yankho kuti asavutike. Koma yankho lopatsidwa liiwalika m'mawa, pamene lopezedwa ndi thukuta likhala. Mafunso anu akhale atatu okha: “Wadziwa bwanji?” “Iwe ukuvomereza zimene wanena mnzakoyu?” “Pali njira ina?” Funsani chimodzimodzi yankho likakhala loona ndi likakhala lolakwa, kuti ana asawerenge yankho pankhope panu. Ndipo mwana akaphonya, pasakhale kuseka kapena kutukwana. Mawu akuti “mbuli iwe” atseka pakamwa pa mwana zaka zambiri, ndipo ena a ife tidziwa akuluakulu a imvi amene mpaka lero anjenjemera akaona manambala chifukwa cha mawu otere. Paja anati safunsa anadya phula. Tsono tisalange mwana wofunsa, kapena woyesa naphonya.

Tinenepo mawu apadera za ana aakazi. Nthawi imene tikunenayi, ya madzulo, ndiyo imene mtsikana atumidwa kumadzi, kutsuka mbale, kulera mwana, pamene mlongo wake akhala pakhonde. Ndipo akakhala pamodzi m'gulu, kawirikawiri mnyamata alanda timiyala, nalankhula mokweza, mtsikana nangoyang'ana. Atate, ichi chili m'manja mwanu. Mbale zidikire pang'ono, kapena mnyamata athandize kuti zithe msanga. Njere zowerengera ziyambire m'manja mwa wamng'ono kapena wa manyazi, ndipo wofulumira auzidwe kuti ayamba wamva anzake asananene. Kumbukirani kuti amene adzaima pa sikelo ndi matumba a soya, amene adzasunga buku la banki m'khonde, amene adzawerenga mlingo wa mankhwala a mwana wodwala usiku, kawirikawiri ndi mtsikana ameneyu.

Tidziwa mawu amene ena a inu munena. Wina ati, “Ine sindinapite kusukulu, ndingathandize bwanji?” Agogo, inu amene mudziwa ndi maso kuti nkhokwe iyi itifikitsa mwezi wa February kapena ayi, simusowa kanthu, funsani funso, ndipo ana akufotokozereni kufikira inu mutakhutira. Kusadziwa kulemba kwanu kuwakakamiza kufotokoza momveka, ndipo apindula koposa. Wina ati, “Koma mayeso a Sitandade 8 mwana alemba yekha, m'Chingerezi, popanda mnzake.” Zoonadi, ndipo chifukwa chake tinati gulu likatha mwana aliyense ayesedwe payekha ndi manambala ena. Koma dziwani kuti mwana wozolowera kufunsidwa ndi anzake kuti wadziwa bwanji, pambuyo pake adzifunsa yekha mumtima. Mawu a anzake aja alowa naye m'chipinda cha mayeso, ngakhale anzakewo akhala patali. Winanso ati, “Ana akakhala pamodzi angosewera.” Inde, aseka, ndipo nthawi zina asochera, koma funso likakhala lokoma, ndi wamkulu ali pafupi akusenda mtedza wake, abwerera okha.

Kwa aphunzitsi athu, amene asenza katundu wolemera ndi malipiro ochepa, tinena mwaulemu kuti m'kalasi ya ana 100 muli aphunzitsi aang'ono ambiri amene sanapatsidwe ntchito. Ngakhale malo osunthira palibe, mwana angathe kutembenukira kwa amene wakhala naye pafupi, nauzana njira kwa mphindi ziwiri musanaitane yankho. Pamenepo ana 50 alankhula nthawi imodzi, ndi 50 amva, m'malo mwa mmodzi yekha wotukula dzanja masiku onse. Ndipo inu makolo a m'makomiti a sukulu, mukamva phokoso lotere m'kalasi, musafulumire kunena kuti aphunzitsi alephera kusunga mwambo. Yambani mwaima pazenera ndi kumva chimene ana akunena.

Pali phindu lina limene silioneka pa pepala la mayeso. Mwana wophunzira kunena kuti “Ndaphonya, wakhoza ndiwe,” popanda kulira kapena kumenya, waphunzira kudzichepetsa. Wophunzira kudikira mnzake wochedwa waphunzira kuleza mtima. Wophunzira kutsutsa mkulu wake ndi chifukwa, mwaulemu, osaopa, waphunzira kuima pa choona. Midzi yathu, miphakati yathu ndi mabwalo a milandu a mafumu athu afuna anthu otere, ndipo sitidzawapeza atakula ngati sitinawabzale ali aang'ono, pakuti mmera ndi poyamba.

Potsiriza tikusiyirani funso la mwezi uno, loti banja lonse ligwire pamodzi. Ana asanu akumana pachitsime m'mawa, ndipo aliyense agwirana chanza ndi mnzake aliyense kamodzi kokha. Kugwirana chanza konse kuchitika kangati? Musayankhe msanga, atate, ngakhale mwaona kale. Imikani ana asanu pabwalo, achite ndithu, wina aziika mwala pansi pa moni uliwonse. Akapeza, muwafunse kuti nanga akadakhala asanu ndi mmodzi, miyala iwonjezeka ingati, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Yankho sitilemba muno. Tikadzafika kwanu pa ulendo wathu wa m'midzi tidzalifunsa, ndipo tidzasankha tokha mwana wotifotokozera, kapena adzakhala wamng'ono koposa onse.